Nkhuku Zodya Njereza

Chimene chinayamba kuwasowetsa mtendere a Silvestre sichinali fisi ayi, chinali kaphokoso ka dzenje. Chiwindi cha ng'ombe ukachiponya m'dzenje lakuya, khutu limayamba ladikira, kenako nkumva kuti khu, kutali pansi. Iwo anali atamva kaphokoso kameneko moyo wawo wonse wa pantchito yoyeza nyama, ku Tsangano, ku Furancungo, ndi pomalizira pa msika wa Chimphako, m'mbali mwa msewu wafumbi wolowera ku Chidzolomondo, pomwe anapumira. Koma chaka chimenecho, nthawi iliyonse akaima kuseri kwa matadoro, pamalo ophera ng'ombe paja, chiwindi chinkati chikangochoka m'manja mwa woponya, pompo chamveka kuti phwa, ngati chagwera m'mbale. Dzenje lomveka choncho ndi lodzaza mpaka kukamwa. Komatu limeneli linkamveka lodzaza chiyambire nthawi yokolola, ndipo linkalandirabe zina Lachitatu ndi Loweruka lililonse, osasefukira, osatulutsa fungo la zovunda, osaitana ntchentche.

Dzenjelo analikumbitsa ndi iwo omwe. Analiwakitsa njerwa m'mbali, pamwamba nkuikapo chitseko chachitsulo chotsekedwa ndi loko, kadeyado uja, ndipo pakati pa chitsekocho anaboolapo kakhomo kongokwana kuponyerapo zotayidwa. Ankadziwa kuya kwake monga munthu adziwira kuya kwa nkhokwe yake.

Lamulo la za m'kati mwa ng'ombe si lovuta, ndipo munthu wonena kuti ndi lovuta amakhala ali ndi chifukwa chake. Ng'ombe iyezedwe ili moyo, iyezedwenso itasendedwa. Matumbo, chifu, mapapo ndi chiwindi zisakhudze dothi. Woyeza ang'ambe chiwindi aone ngati mulibe nyongolotsi, apapase mapapo amve ngati mulibe timibulu ta chifuwa chachikulu. Chabwino chidindidwe, chipite pamsika. Chokanidwa chichekedwechekedwe, chithiridwe kirolina, mankhwala onunkha aja, kuti asachikhumbe munthu ngakhale galu, chiponyedwe m'dzenje ndi kukwiriridwa ndi njereza tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. Palibe chokanidwa chimene chimaloledwa kutuluka pamalopo, kaya m'thumba, kaya m'ndowa, kaya m'mimba mwa munthu.

Chowawa chinali chakuti Jacinto, amene anatenga malo awo, ankachita zonsezi anthu akuona. Anamuphunzitsa ntchito ndi iwo omwe, kuyambira kagwiridwe ka mpeni, ndipo iye ankawatchulabe kuti a mesitire, kunena kuti aphunzitsi. Ankavala chovala chake choyera, ankacheka zokanidwa mokweza mawu kuti ogula amve kuti iye sachita chibwana, ankatsira madzi oyera ngati mkaka, pakuti kirolina akasakanizidwa ndi madzi amayera choncho, nkumalizira ndi mafosholo a njereza, ina nkumwazika kuzungulira chitseko. Fungo la kirolina linkamveka mpaka kumsewu. Chikayiko cha a Silvestre chinkasowa pokhala, ngati mbalame pamtengo wosadzulidwa.

Tsiku lina anamupeza akusamba m'manja pachitsime.

"Jacinto, dzenje lako lija likukhala bwanji?"

"Likudya bwino, a mesitire, silidandaula."

"Ndifuna ndisuzumiremo. Bweretsa mfungulo."

"Ndi mphuno zanu zotopazo? Mungakomoke, ine ndikasowa ngolo yokunyamulirani." Anaseka, ndipo ogulitsa nyama amene anali pafupi anasekanso. "Munapuma, pumani. Paja lamulo munandiphunzitsa ndinu, kuti mlendo safika padzenje. Kapena linasintha tsiku limene munachoka?"

Zinali zoona, ndipo a Silvestre ankadziwa. Anabwerera kwawo akuwerengera m'mutu zimene zinawonongeka chichokereni iwo: mipeni yosawiritsidwa, ngalande yamagazi yosatsukidwa, ndi tsopano munthu amene anamulera pantchito kuwatcha mlendo padzenje lawo lomwe.

Fisi anayamba kulira nthawi yachisanu. Akuluakulu ankati pa Chimphako fisi anatha kalekale, thengo litapita ndi nkhuni zowotchera fodya, ndipo achinyamata ambiri anali asanamumvepo. Kulirako kunkachokera kuseri kwa matadoro, kokhuthala, kotsikira pansi kenako nkukwera, uuuwi, ngati kukutuluka m'nthaka. Anthu anayamba kutseka zitseko kukangoda. Ochokera ku mabaraka, komwe amamwa mowa m'mbali mwa msewu, anasiya njira yachidule yodutsa padzenje nkumazungulira kutchalitchi. A Silvestre anaona chinthu chimodzi chimene ena sanachilabadire: fisiyo ankalira usiku wa Lachitatu ndi wa Loweruka basi.

"Fisi wodziwa masiku ophera ng'ombe," anatero kwa anzawo pabawo. "Akungosowa chidindo."

"Ndiye mwanena nokha," anawayankha wina monong'ona. "Wa m'thengo sadziwa masiku. Wodziwa masiku ali ndi mwini wake womuwerengera."

Mlonda wa pamatadoro, Nicolau, ndiye anaupatsa miyendo mphekesera umenewu. Ankafotokoza, akuyang'ana uku ndi uku, kuti anachiona ndi maso ake: chachikulu ngati thole, cholowa m'dzenje chitseko chili chitsekere, chotuluka kukamwa kuli mbuu ndi njereza, ndipo chikakhuta chimalunjika kunyumba yomalizira ija.

Nyumba yomalizira inali ya a Rosalina, mlongo wawo wamkulu wa a Silvestre. Anali amasiye. Ana awo awiri anamwalira, wotsala anapita ku Tete nkuiwala njira yobwerera. Maso awo anali ofiira chifukwa cha utsi wa zitsononkho zimene ankasonkhera moto, ndipo ankalankhula ndi nkhuku zawo mozitchula mayina, popeza analibe wina wolankhula naye. Zinthu zitatuzi, umasiye, maso ndi nkhuku, zinali zisanakhalepo mlandu. Chaka chimenecho zinasanduka umboni.

Kenako anabwera matenda. Anagwira oyendetsa mota, njinga zamoto zonyamula anthu zija, onyamula mabelo a fodya, ndi ena ogona m'njira. Munthu ankayamba ndi kutentha thupi, kusanza ndi kutsegula m'mimba kosaleka, ena maso nkuchita chikasu. Kuchipatala anati anthu asamale zimene akudya ndi kumwa, koma mawu amenewo sanamveke, chifukwa m'mawa wina anthu anapeza mapazi a chilombo pamatope a ngalande, akuluakulu kuposa a galu, olunjika mpaka pakhomo pa a Rosalina. Mmodzi mwa odwala kwambiri anali Pascoal, woyendetsa mota, mwana yekhayo wamwamuna wa a Benvinda, mayi wopeta ufa kuchigayo, yemwe anali mnzawo wa a Rosalina chiyambire utsikana. A Benvinda anasiya kuwapatsa moni.

Chimene chinatsiriza zonse zinali nkhuku. Akazi opita kuchitsime anayamba kuona kuti m'mawa uliwonse wotsatira tsiku lophera, nkhuku za a Rosalina zinkathamangira padzenje ndi kujompha njereza yomwazika kuzungulira chitseko, mwadyera, mpaka chitsulo kumalira kuti ngo ngo ngo. Njereza imatentha lilime, imasupula khungu la m'manja. Nkhukuzo sizinkafa. Zinkanenepa.

"Nkhuku zodya njereza," ankanong'onezana. "Zoweta za munthu wamba zimenezo? Usiku fisi, masana nkhuku. Ndi zomwezo zimangosintha zovala."

Usiku wa Loweruka a Silvestre ananyamula bulangete ndi ndodo nkukagona kwa alongo awo. Anapeza pakhoma pali chipsera cha mwala umene wina anagenda madzulo. Anazimitsa nyali msanga nkukhala pamphasa moyang'ana kuchitseko.

Mdima unali wa bii, wopanda mwezi. Poyamba kunali zomveka za masiku onse: nkhuku kusuntha m'dengu pakona, mphepo m'mabulugamu, malata a pamatadoro kulira pamene ankazizira. Nyimbo za ku mabaraka zinazilala imodzi ndi imodzi mpaka kunatsala zii. Atakhala nthawi yaitali, miyendo itachita dzanzi, anamva chitsulo kukhuzana ndi chitsulo, pang'onopang'ono, mosamala, ngati cha munthu amene anachipaka mafuta. Kenako madzi kudontha. Kenako chinthu cholemera kukhudza pansi. Ndipo pafupi, pafupi kwambiri moti ankaona ngati ndi kuseri kwa khoma, panamveka uuuwi, mawu amphako, onjenjemeretsa m'chifuwa.

"Ndi uyotu mwamuna wanga akunenedwayo," ananong'ona a Rosalina mumdimamo. "Simumupatsa moni mlamu wanu?"

"Musaseke, alongo."

"Ndikapanda kuseka ndilira. Koma mwaona agalu?"

"Sindikuwamva."

"Eya. Ameneyu agalu samuuwa. Khalani chete mumve winayo."

"Wina uti?"

Kutali, chakuphiri, kunamveka mawu ena, opyapyala, otalika, othera m'kaphwetekere konga kuseka kwa munthu wodwala mutu. Nthawi yomweyo agalu a m'mudzi monse anabuka, ena kuuwa, ena kulira ngati amenyedwa. Wapafupi uja anadukiza pakati. Panamveka mapazi ofulumira, ndi kaphokoso ka matayala pamiyala, kopanda kulira kwa makina, kakunka kakuchepa chakumsewu.

A Silvestre sanatuluke. Anadziuza kuti mboni yabwino siithamangitsa mlandu usanapse, koma zoona zake zinali zakuti ankaopa. Anakhala tsonga mpaka tambala, ndodo ili pamiyendo, akuchita manyazi ndi kupuma kwawo komwe.

Kutacha a Rosalina anatsegulira nkhuku. Sizinayang'ane ngakhale gaga amene anaziwazira pakhomo. Zinathamanga molunjika padzenje, tambala patsogolo. A Silvestre anazitsatira. Nicolau anali atapita kukagona, ndipo anthu anali asanayambe kupita kutchalitchi. Pamatope panali mapazi a chilombo aja, atsopano. Panalinso mzere wa tayala la mota ndi mapazi a nsapato m'mbali mwake, monga zikhalira munthu akamakankha mota osailiza, koma mzere umenewo palibe anali ataufunsapo, pakuti maso a mudzi wonse anali pa zikhadabo.

Anagwada pafupi ndi chitseko. Nkhuku si chitsiru. Ikhoza kumeza mwala, koma sithamangira chinthu chotentha kukhosi. Atayang'anitsitsa anaona mzere wa nyerere, iliyonse itasenza kambewu koyera, zikulowa nako kuuna. Pa njereza yeniyeni nyerere sizidutsa. Anatsina pang'ono ndi zala, anafikisa, ananunkhiza, kenako anaika palilime.

Unali ufa.

Anakhala chigwadire, kukamwa kuli ufa wachimanga, ndipo zonse zinayamba kulumikizana m'mutu mwawo mwadongosolo. Ngati njereza ili ufa, madzi oyera aja nawonso ndi ufa wosungunula, pakuti m'maso sungausiyanitse ndi kirolina wothira madzi. Kirolina weniweni ankangowazidwa pansi kuti mphuno za anthu zikhute. Munthu sathira ufa chinthu chimene akuchitaya. Amathira ufa chinthu chimene akufuna kuti chikatsukika chidyedwe. Ndipo chiwindi chinkagwa msanga chifukwa sichinkafika pansi.

Mkwiyo umene anaumva sunali wophulika. Unali wozizira, wowerengera. Anadziwa kuti akathyola kadeyado m'mawa umenewo apeza mopanda kanthu, chifukwa katundu anali atapita usiku, ndipo wolakwa akhala iwo, nkhalamba yanjiru yoswa katundu wa pantchito imene inaichoka. Anayenera kudikira Lachitatu madzulo, zokanidwa zili mkati. Anakaonana ndi a sekeretariyo a mudzi, amene anawamvera akusenda chinangwa.

"A Silvestre, aliyense akudziwa kuti inu ndi Jacinto simumwerana madzi. Ndiponso nkhaniyi ikukhudza mlongo wanu. Mukufuna anthu ati chiyani? Ine ndingokulangizani kuti mayiwo muyambe mwawachotsa, apite kwa abale kwina. Mitima ya anthu yatentha."

"Achoke panyumba pawo chifukwa cha ufa?"

"Achoke chifukwa cha moto. Ine ndilibe madzi ozimitsira."

Atawauza a Rosalina, iwo anapukusa mutu. "Ndikathawa ndiye kuti ndavomera. Amuna anga agona apa, ana anga agona apa. Akatentha atenthere kumodzi."

Pascoal anamwalira Lolemba usiku. Maliro anaikidwa Lachitatu, ndipo ng'ombe zinaphedwa m'mawa monga mwa masiku onse, pakuti msika sulira maliro. A Silvestre anaima patali nkuona Jacinto akukana chiwindi chathunthu ndi mapapo awiri, akucheka, akutsira madzi ake oyera, akuwaza mafosholo ake. Phwa. Phwa.

Anthu anachoka kumanda dzuwa litapendeka, koma sanabalalike monga mwa mwambo. Anatsika onse pamodzi njira ya kumatadoro, mwakachetechete, ndipo kachetechete ameneyo anali woopsa kuposa phokoso. Anzake a Pascoal oyendetsa mota anali patsogolo, mmodzi atanyamula botolo la gazolina, petulo uja. Pakati pawo pankayenda a Benvinda, mpango wamaliro uli kumutu, nkhope youma ngati ya munthu amene misozi yamuthera. Jacinto anaima pakhonde la matadoro atapinda manja. Nicolau anakhala pachitsa, maso pansi. A Rosalina anali pakhomo pawo, atakhala pamphasa, osasuntha.

A Silvestre anaima panjira, pakati pa gululo ndi nyumba, pafupi ndi dzenje.

"Chokanipo, madala," anatero wa botolo uja. "Inu tilibe nanu mawu."

"Ine ndili nawo ndi inu. Mukuti nkhuku za alongo anga zimadya njereza. Ndi choncho?"

"Aliyense anaona."

"Penyani tsono."

Anawerama pa chitseko cha dzenje, anatapa zoyera zija dzanja lodzaza, nkuika mkamwa. Anatafuna pamaso pawo, anameza, natsegula kukamwa kuti aone kuti lilime silinapse. Anali atakonzeka kumva anthu akudabwa, kenako nkufunsa. Sanaganizepo za chimene chinachitikadi. Gulu lonse linabwerera m'mbuyo ngati laona njoka. Mayi wina anaphimba maso a mwana amene anali naye kumsana.

"Nawonso amadya," anamveka wina monong'ona, ndipo mawuwo anayenda m'gulumo. "Ndi a banja limodzi. Nchifukwa chake anagona komweko Loweruka."

"Mwaona nokha," anatero Jacinto kuchokera pakhonde, mwachisoni chochita kupanga. "Ine ndinkawalemekeza ngati bambo anga. Njereza yathumba lotseka imeneyo."

Mwala unagwa pafupi ndi phazi lawo. A Silvestre anaona kuti umboni wawo, umene anaukonza masiku onsewa, wasanduka chingwe chowamangira pamodzi ndi mlongo wawo. Wa botolo uja anali atayamba kutsegula chitsekerero. Pamenepo anasiya kuyang'ana amuna aja. Anatapanso dzanja lina nkuyenda molunjika kwa a Benvinda, gulu likupatuka kuwathawa.

"Mayi, ine musandikhulupirire. Mukhulupirire manja anu. Mwakhala mukupeta kuchigayo chiyambire tili anyamata. Tambasulani dzanja."

"Mufuna mundiphe monga mwaphera mwana wanga?"

"Ngati ndi njereza, ikutenthani, ndipo botolo lija muyambire nalo pa ine."

A Benvinda anawayang'ana. Kenako anayang'ana kupyola phewa lawo, kwa a Rosalina pamphasa paja. Anatambasula dzanja. Ufawo utagwera m'chikhatho chawo, zala zinayamba zokha kufikisa, monga zinazolowera. Ananunkhiza. Analavulira malovu pang'ono nkukanya, ndipo unagwirana kukhala kambulu.

"Uwu ndi ufa," anatero motsitsa. "Wamgaiwa wosefa. Wa chimanga cha chaka chatha, ukumveka anankafumbwe." Anatukula mutu. "Jacinto, iwe umabwera kuchigayo kudzagula ufa wosesa pansi. Unkati ndi wa nkhumba zako."

"Mayi, muli pachisoni, musamvere..."

"Uli ndi nkhumba iwe?"

A Benvinda anatembenukira kwa anyamata aja. "Tsegulani apo."

Mfungulo sanaidikire. Kadeyado anathyoka ndi nkhwangwa, ndipo amuna awiri anatukula chitseko. Pansi pake penipeni, polunjika kakhomo kaja, panalendewera theka la mgolo, lomangidwa ndi mawaya ku zitsulo za m'mbali. Munali modzaza. A Silvestre anapinda malaya, anatulutsa chiwindi nkuchitsegula pamene Jacinto anacheka. Njira zake za ndulu zinali zotupa, zolimba ngati mapaipi, ndipo nyongolotsi zaphanthiphanthi ngati masamba zinkasunthabe. Anatulutsa mapapo nkufinya kambulu kamodzi mpaka kanatulutsa zoyera zonga chambiko chouma. Pansi pa zatsopanozo panali zamadzimadzi zakuda, zotsalira za masabata ambiri, pakuti mgolowo sunkatsukidwa. Kunsi kwake dzenje linali lakuya, louma, lopanda chatsopano, monga analisiyira.

"Izi zimatuluka usiku," anatero, mawu ali phee ngati akuphunzitsa. "Zimatsukidwa ufawu, zimakazingidwa ndi tsabola wambiri, zimagulitsidwa m'mawa. Ndani amagulitsa chiwindi chotchipa pamsewu?"

Aliyense ankadziwa. Anali mlamu wake wa Jacinto, pa baraka ya pamphambano, pomwe oyendetsa mota amadikirira anthu. Wa botolo uja anayamba kupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, mobwerezabwereza.

"Ankadya pamenepo m'mawa uliwonse," anatero a Benvinda. "Ankati, amayi musavutike kundiphikira."

Pamene anthu anatembenukira kukhonde, panali chovala choyera chokha chitapachikidwa pamsomali. Kutali kumsewu kunamveka mota, nthawi ino ikulira. Anamugwira Nicolau, ndipo botolo lija likanamuthera iye, a Silvestre akanapanda kuimanso pakati, mkwiyo wawo wonse utatulukira poyera tsopano. Ananena kuti pamudzi pamene patsala pang'ono kuwotchedwa mayi wosalakwa chifukwa cha ufa, palibe amene ali ndi nkhope yoweruza mnzake ndi moto, ndipo kuti munthuyu apita kwa apolisi ku Furancungo ali wamoyo, kuti akanene zonse. A sekeretariyo, amene anali chiimire kumbuyo nthawi yonseyi, anatulukira nkuvomereza kuti zimenezo ndiye zoyenera.

M'kanyumba ka mlonda anapezamo mtsuko wadothi wobooka kunsi. Nicolau, atamangidwa manja, anavomera kuti ankaika pakamwa m'menemo nkumalira, kuti anthu atseke zitseko pamene iye ndi Jacinto ankakweza katundu pamota. Anavomeranso kuti nkhani ya chilombo cholunjika kunyumba yomalizira anaipeka ndi Jacinto.

"Nanga mapazi aja munkawadinda ndi chiyani?" anafunsa a Silvestre. "Chili kuti chidindocho?"

Nicolau anawayang'ana, ndipo mantha amene anali m'maso mwake sanali a apolisi.

"Mapazi si ife, bambo. Ife tinkangolira. Tinkadabwa nawo m'mawa ngati wina aliyense. Poyamba kunalibe choyankha. Chinayamba pakati pa chisanu, kutali. Sabata iliyonse chinkayandikira. Ine ndinamuuza Jacinto kuti tisiye, taitana chinthu. Iye anati bola, chikutithandiza ntchito."

Anthu anabalalika kutada, aliyense payekha. Palibe anapita kukapepesa. A Benvinda okha anaima kanthawi pamphepete pa bwalo la a Rosalina, kenako nkupitirira. A Silvestre anaonetsetsa kuti mgolo wagwetsedwera pansi pa dzenje ndi zonse zinali momwemo, anautsira gazolina yemwe uja nkuyatsa, kenako anakatenga kwawo thumba la njereza yeniyeni limene anagulira kupaka nyumba, nkulikhuthulira lonse. Kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho anamva khu, kutali pansi.

Usiku umenewo anagonanso kwa alongo awo, chifukwa mitima ya anthu siizizira tsiku limodzi. Nyumba inali chiimire. Nkhuku zinali m'dengu. Anadziuza kuti zonse zili ndi chifukwa chake: magazi odontha mumsewu miyezi yonseyi akhoza kukoka chilombo chenicheni kuchokera kumapiri, ndipo chilombo chikafika padzenje chimanunkhiza khomo lapafupi, makamaka lokhala ndi nkhuku. Anawafotokozera a Rosalina zimenezi mwatsatanetsatane, mfundo ndi mfundo.

"Ndamva, alongo," anatero iwo. "Ndiye poti lero chapeza dzenje lapsa, chidya chiyani?"

Asanayankhe, agalu anayamba. Sanauwe. Analira chapansipansi, kuyambira kumapeto kwa mudzi, nyumba ndi nyumba, kulirako kukuyandikira. Kenako onse anangoti zii. Padzenje panamveka zikhadabo pachitsulo, kwee, kwee, mosafulumira. Zinaleka. Panapita kanthawi. Ndiye kunsi kwa chitseko cha nyumba, pamene thabwa silifika pansi, panamveka mpweya wautali, wonyowa, wa chinthu chonunkhiza.

A Silvestre anadzuka mwakachetechete, anakoka mtondo nkuutsamiritsa kuchitseko, nakhalapo.